Anandisamutsira marozi a malemu mayi anga kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe

Bambo ogulitsa mbande za maluwa amene ndinawapatsa ntchitoyi ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Maluwa amawadziwa, komanso anamvetsa kuti awa sanali maluwa wamba oti akafa n'kukagula ena kumsewu.

Nyumba ya makolo athu ku Zomba tinaigulitsa mayi atatisiya. Kukhomo kunali marozi awo: oyera aja otchedwa Iceberg, a pinki aataliatali a Queen Elizabeth, ndi chitsamba chimodzi chofiira chonunkhira kwambiri chimene ankathyolako maluwa Loweruka lililonse madzulo okakongoletsera kutsogolo kutchalitchi. Ine ndinkafuna kuwazula mu Okutobala momwemo, mtima uli m'mwamba kuopa kuti mwini nyumba watsopano awasadza. Bambowa anakana. "Amayi, dzuwa ili mukungokawapha. Pemphani eni ake akusungireni mpaka Juni." Anafotokoza kuti m'nyengo yozizira rozi amakhala ngati wagona, ndiye ngakhale umudule mizu savutika kwambiri. Munthu wongofuna ndalama akanavomera tsiku lomwelo.

Tsiku lokumba ndi limene ndinalira. Anadulira chitsamba chilichonse mpaka kufika m'mawondo, n'kutsala timitengo titatu kapena tinayi topanda tsamba. Chofiira chija chinali chotalika kundiposa, ndipo nthambi zimene mayi ankazigwira ndi manja awo zinangoti mbwee pansi. Anandiuza modekha kuti mizu yochepa singathe kumwetsa nthambi zambiri. Kenako anakumba mozungulira, patali ndithu ndi tsinde, n'kunyamula chilichonse ndi dothi lake lomwe, kukulunga m'chiguduli chonyowa n'kumanga ndi chingwe. Mayenje kuno anali atakumbiratu, osakaniza ndi manyowa a ng'ombe owolerana. Powokera anasamala kuti chotupa cha m'munsi mwa tsinde, pamene rozi anamezanitsidwa ndi mnzake, chisakwiririke kwambiri, ndipo anandilangiza kuti mphukira zotuluka pansi pa chotupacho ndizizichotsa, chifukwa n'za rozi wakutchire amene anamumezetsapo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Galimoto imene anapeza inali yopanda tenti, ndipo ulendo wodzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu mpaka Dedza ndi wautali. Ziguduli zina zinafika zitauma gwaa ndi mphepo. Chachiwiri, anandiuza kuti ndiphimbire ndi udzu koma za chiswe sanatchuleko. Kuno chiswe n'chambiri, moti chinalowa muudzumo n'kudya tsinde la Iceberg mmodzi mpaka kuuma. Nditawaimbira anabwera osalipiritsa, anasendeza udzu kutali ndi matsinde n'kuwazapo phulusa. Komabe chitsambacho chinapita, ndipo chinandipweteka.

Otsalawo anaphuka kumayambiriro kwa Seputembala, timasamba tofiirira kaye kenako tobiriwira. Chofiira chija chamasula kale, fungo lake lomwe lija, ndipo mng'ono wanga wa ku Mzuzu wapempha kuti timudulireko nthambi akabzale kwake. Bambowa akuti zitheka nyengo yozizira ikubwerayi.

Mtengo wawo ndi wokwererako poyerekeza ndi anyamata aganyu, koma ndingawaitanenso. Inuyo mungoonetsetsa kuti galimoto ili ndi tenti, ndipo muwafunse za chiswe asanachoke pakhomo.