Nkhata ya mzati

Abale anga, mwakhala mukufunsa kuti ntchito yanga kuno ndi yotani, poti pafoni mumangomva phokoso. Ndife okhoma mizati pansi. Pamalo pamene dothi ndi lofewa, monga m'mbali mwa nyanja, mlatho kapena doko sizingakhale pa maziko wamba, ndiye timakhomera mizati ya konkire kapena yachitsulo mpaka ikafike polimba. Nyundo yathu ndi ya dizilo, yolemera matani angapo, ndipo imamenya ka 40 mpaka ka 60 pa mphindi. Tsiku loyamba ndinaweruka m'makutu mukulira nyenje.

Pamutu pa mzati timavekapo chipewa chachitsulo chokhala ndi nkhata ziwiri. Inde nkhata, ngati ya munthu wosenza mtolo, kungoti si yansalu. Ya pamwamba, pomwe nyundo imafikira, ndi mbale za aluminiyamu zosanjikizana ndi za pulasitiki wolimba wotchedwa Micarta, kapena chigulumwa cha nayiloni. Aluminiyamuyo amachotsa kutentha. Madala a pano amati kale ankaikamo asbestos, anthu asanamuthawe chifukwa cha matenda a m'mapapo. Nkhata imeneyi imakhalitsa. Timaiona pakatha maola pafupifupi 100 a kukhoma, ndipo ikaphwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi timaichotsa.

Ya pansi ndiyo anandipatsa ine, ndipo poyamba ndinaiona ngati ntchito yachibwana: kudula plywood molingana ndi mutu wa mzati, n'kusanjikiza mpaka masentimita 15 kapena 20. Mzati wachitsulo suifuna. Wa konkire ndiye sungakhomedwe popanda iyo. Konkire amapirira kupanikizidwa, koma kukokedwa ayi. Nyundo ikagunda, mphamvu imatsika mpaka kunsonga, ndipo pansi pakakhala pofewa imabwerera ikukoka mzatiwo, ming'alu n'kuyamba chapakati pomwe sunayembekezere. Plywood ija imachititsa kuti nkhonyayo ilowe mofatsa, osati kamodzin'kamodzi.

Vuto lake imatopa. Ikamenyedwa kambirimbiri imafinyika, kuuma gwa, kenako kuyamba kupsa. Lamulo n'lakuti ikaphwa kufika theka, kapena ikayamba kufuka, nyundo iime.

Mwezi wanga wachiwiri tinali pa mzati womaliza dzuwa likulowa, kapitawo akuyang'ana wotchi. Ndinaona kautsi koyera kakutuluka m'mphepete mwa chipewa, kenako fungo la thabwa lopsa, losiyana kwambiri ndi la dizilo. Mkono unafuna kukwera, koma mtima unati mlendo iwe, uimitse makina onsewa? Ndinangoti chete. Sipanathe mphindi zitatu, kulira kwa nyundo kunasintha, kuchoka pa "du, du" kufika pa "kha, kha", zibenthu za konkire n'kuyamba kuthothoka. Titakweza chipewa tinapeza mutu wa mzati utanyenyeka, zitsulo zam'kati zili pamtunda. M'mawa mwake tinataya theka la tsiku tikudula mutuwo, injiniya ali chilili pambali.

Kapitawo sanakalipe. Anatola chotsala cha plywood ija, chakuda bii ngati khala, chopyapyala ngati chikhatho, n'kundiika m'manja. Chinandiotcha ngakhale ndinali nditavala magolovesi.

Masiku ano utsi ukangoti tolo ndimakweza mkono, kaya wina akwiye. Tikaika yatsopano, wowerenga nkhonya za nyundo, amene amaona ngati mzati wafika polimba, amayamba wadikira kuti ikhazikike, chifukwa plywood ikakhala yofewa imameza mphamvu ya nyundo, ndipo mzati umaoneka ngati wafika polimba usanafike.