Mbale za Thelonious Monk za 1947 zandikoma, koma wogulitsa sananene zoona

Mnzanga wina wa ku Lilongwe wandifunsa ngati n'koyenera kutaya ndalama pa mbale zakale za galamafoni za Thelonious Monk, katswiri wa piyano wa nyimbo za jazz wa ku America, pomwe nyimbo zomwezo zili pa foni. Pa WhatsApp ndinangomuyankha kuti "zimatengera wakugulitsa ndani, achimwene", koma nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ndiifotokoze bwino pano.

Mbale ziwiri za Genius of Modern Music ndinazigula chaka chatha kuno ku Joni, kwa bambo wina wogulitsa mbale za kaunjika pa intaneti. Si zoyambirira zenizeni za m'ma 1950 ayi, zimenezo mtengo wake ndi wa anthu ena. Zangazi n'zodindidwanso pambuyo pake. Muli nyimbo zoyamba zimene Monk anajambula akutsogolera yekha gulu, ku kampani ya Blue Note mumzinda wa New York, kuyambira Okutobala 1947, ali ndi zaka 30, mpaka Meyi 1952. Poyamba zambiri zinkatuluka pa timbale ta 78, tozungulira ka 78 pa mphindi, mbali imodzi nyimbo imodzi, n'chifukwa chake iliyonse ndi ya mphindi zitatu kapena chapompo. Nthawi imeneyo anthu sanazigule kwenikweni. Mu 1956 ndi pomwe anazisanja pa mbale zazikulu za mainchesi 12, ndipo zangazi zimatsata ndondomeko imeneyo.

Mbale yachiwiri ilibe vuto lililonse. Straight, No Chaser ya 1951 imamveka bwino zedi. Zikuto zonse ziwiri n'zolimba, sizinang'ambike.

Vuto lili pa mbale yoyamba, nyimbo yachitatu, Ruby, My Dear. Imeneyi anaijambula pa 24 Okutobala 1947 ali atatu okha: Monk pa piyano, Gene Ramey pa besi, Art Blakey pa ng'oma. Ndi nyimbo yodekha, yopanda malipenga oti n'kubisa kanthu, ndipo ndi imene inandipangitsa kugula mbalezi. Koma Monk akangomenya piyano mwamphamvu, mawu amasasa, kenako kumathetheka ngati chimanga chili pa chiwaya. Pomwe akuimba motsitsa zonse zili bwino. Akakweza, basi zayambanso. Ndinaitsuka mbaleyo mosamala ndi mankhwala ake, osasintha. Ndinagula singano yatsopano ya R600, osasintha. Ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi magalamafoni, iye anangoipendeketsa pa nyale n'kundionetsa kuti pamalo a nyimboyo mizere yatuwa, pomwe kwina konse ikunyezimira. Akuti mwini wake woyamba ankaikonda kwambiri nyimbo imeneyi, ndipo ankaiimba ndi singano yotha mpaka mizere inaperepeseka. Zimenezo sizikonzeka.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi yankho la wogulitsa. Pomwe ankaitsatsa analemba kuti mbaleyo ili pafupifupi ngati yatsopano. Nditamudandaulira, anati nyimbo za 1947 zimamveka choncho chifukwa ankazijambula molunjika pa mbale, osati pa tepi, n'kuwonjezera kuti Monk ndi mmene amaimbira, mwina khutu langa silinazolowere. Zoti ankajambula pa mbale n'zoona, ndipo kaphokoso kakang'ono ka nthawi imeneyo kamamveka mu nyimbo zonse, ine sikandisowetsa mtendere. Zoti Monk ankamenya piyano zala zili tambalale, n'kugunda dala makiyi awiri oyandikana kuti mawu awombane, n'zoonanso. Koma kuwombana kumeneko kumakhala koyera, umamva kiyi iliyonse payokha, kenako amasiya kampata kachete asanapitirize. Anthu a nthawi yake ena ankamunena kuti sadziwa kuimba chifukwa cha zimenezi. Ndiye kuona munthu lero akubisa katundu wake woonongeka kumbuyo kwa mbiri yomweyo, mtima unandiwawa. Ndinabwereka CD ya nyimbo zomwezi kwa mnzanga, n'kujambula pa foni malo omwewo kuchokera pa CD ndi pa mbale, n'kumutumizira zonse ziwiri. Pa CD palibe kuthetheka ngakhale pang'ono.

Masiku ena ndimaiwala zonsezi. Ndikaitembenuza mbale n'kufika pa Misterioso ya 1948, pomwe Monk ndi Milt Jackson wa vibraphone, chida chonga mangolongondo koma cha zitsulo, amakwera n'kutsika limodzi pang'onopang'ono, ndimakhala phee mpaka ithe. Sindinkadziwa kuti kufupika kwa nyimbozi kungandikomere chonchi. Palibe amene amatalikitsa. Aliyense amanena zake mwachangu n'kupatsa mnzake mpata, ndipo Blakey kumbuyoko mu nyimbo za 1947 amamumvetsa Monk kuposa oimba malipenga ena amene umachita kumva kuti akulimbana nazo nyimbozo. 'Round Midnight, yomwe imatsegula mbale yoyamba, ndinaizolowera anthu ena akuiimba mokometsera, koma pano mwini wake amaiimba mouma, ndipo ndi mmene ndikuikondera tsopano. Tsiku lotero ndimati ndalama zanga sizinapite pachabe.

Koma tikawerengera, mbale ziwirizi ndinalipira R1,400, kuphatikizapo singano imene sindikanaigula msanga zikukwana R2,000. Atamva zomwe ndinamutumizira, bambo uja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandibwezera R200 yokha, ati yopepesera, koma mbaleyo anakana kuilandiranso chifukwa nthawi yobweza katundu inali itadutsa. Ndipotu inadutsa iye akuzengereza kuyankha.

Ndiye achimwene, ngati mukufuna nyimbozo basi, gulani CD. Ndi yotchipa, ndipo ena mwa ma CD amenewa ali ndi zojambula zina za nyimbo zomwezo zimene pa mbale zangazi palibe, moti umamva mmene Monk ankasinthira kaimbidwe tsiku lomwelo. Ngati mtima uli pa mbale, musalipire musanaimve, makamaka nyimbo zodekhazo, ndipo muipendeketse pa kuwala muone mizere. Mbale yachiwiri nditha kuigulanso pa mtengo womwewo. Yoyamba inayenera kukhala ya theka la mtengo.

Sabata yatha bambo yemweyo ananditumizira uthenga kuti wapeza mbale ya Monk ya ku Prestige, kampani imene anapitako atachoka ku Blue Note mu 1952. Ndamuuza kuti ndibwera ndi ndalama m'manja, koma aiimbe kaye mbali zonse ziwiri ine ndili pomwepo. Mpaka pano sanayankhe.