Seti ya ndodo ndi supuni zonyezimira: ikugwira mpasa pa Bua?

M'mashopu ena ogulitsa zipangizo za usodzi mumapezeka seti yotsika mtengo: ndodo yolowetsana ya mamita awiri, chokulungira ulusi, ndi nyambo zachitsulo zimene timangoti supuni. Pa mapaketi ena pamakhala chithunzi cha nsomba yamizeremizere. Imeneyo ndi striped bass ya ku America, imene dzinja lozizira likatha kumeneko imalowa m'mitsinje ngati Hudson, nthawi imene tinsomba ta herring ndi shad tikukwera kukaswana. Kuno kulibe, koma kadyedwe kake nkofanana ndi ka mpasa, amene mvula ikatha amachoka m'nyanja kukwera Bua kukaikira mazira pa timiyala. Nayenso amalusira tinsomba tonyezimira ngati usipa.

Chabwino m'setimu ndi supunizo. Yoyera ngati siliva, ya magalamu 10 mpaka 15, ikamayenda m'madzi imaphethira ndendende usipa wovulala. Ponyani chopingasa mtsinje, cha kumtunda pang'ono, pamene madzi othamanga akugwera m'dziwe. Werengani mpaka katatu kuti imire, ndiye muzikulunga mosafulumira. Mukafulumira imayandama n'kumangozungulira pamwamba. Mukachedwa imakodwa m'miyala. Madzi akadali amatope, yofiirira ngati mkuwa ndiyo imaoneka bwino. Mpasa amaluma kwambiri m'mamawa ndi dzuwa likapendeka.

Ulusi umene umabwera utakulungidwa kale, chotsani tsiku lomwelo. Ndi wouma, umatuluka wopotanapotana, ndipo umadukira pa mfundo mpasa wa makilogalamu awiri akangothawira kumunsi. Ikani wa mamilimita 0.30, mamita 100 akwana. Pakati pa ulusi ndi supuni mangani swivel, kachitsulo kolumikizira kamene kamazungulira pakokha, apo ayi supuni ikamazungulira imapota ulusi mpaka wonse kusokonekera. Mfundo muziinyowetsa ndi malovu musanaikoke, chifukwa ikauma imapsa n'kufooka.

Chokulungira nchapakatikati. Kagudumu kapamwamba kamene kamalola ulusi kutuluka nsomba ikakoka kamagwiragwira. Masulani, pukutani timawasha tam'kati, donthezani kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera, kenako muyese ndi dzanja: ulusi uzituluka mukakoka mwamphamvu, osati kuchita kugwedezeka. Mdani wa ndodoyi ndi mchenga. Ukalowa polumikizira, zigawo zimakanirira, ndipo munthu akakankha mokakamiza nsonga imathyoka. Musaigoneke pansi, ndipo potseka yambani ndi chigawo chachikulu.

Mbedza za mano atatu zimene zili pa supunizi sindikuzivomereza. Zimachita dzimbiri msanga, komanso zimang'amba kukamwa kwa nsomba yoti ibwezedwe m'madzi. Mpasa wachepa kwambiri, ndipo amene mukumupeza pa Bua nthawi imeneyi nthawi zambiri amakhala ndi mazira m'mimba. Ikani mbedza imodzi, finyani ndevu yake (kaminga ka kunsonga koletsa nsomba kuvuka) ndi pulayala, gwirani nsomba ndi manja onyowa, muibweze isanafooke.

Chakumunsi, Bua amadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe losamalira nkhalango la African Parks likuyang'anira kuyambira 2015. Mmenemo simungawedze popanda chilolezo. Kunja kwake, funsani kaye a ofesi ya zausodzi kapena a komiti ya padoko za miyezi yotseka. Ndipo pa madziwe akuyawo muziima patali ndi m'mphepete, pakuti ng'ona za pa Bua zimadikirira pomwepo pamene mpasa amapumira.