Kathemomita ka dijito: ndi kabwino, koma mkangano wa kutentha kwa dziko sikangauthetse

Ndinagula kachipangizoka chifukwa cha makani basi. Ine ndi alamu anga timalimbana tsiku ndi tsiku, iwo amati zoti dziko likutentha nzongoopsezana, dzuwa lakhala likuotcha kuyambira kalekale, ine ndimati ayi alamu zinthu zasintha. Ndiye ndinati chabwino tiyeze tione.

Kamabwera ndi sikirini yoika m'nyumba komanso kasensa kopachika panja, kamaonetsa kutentha mbali zonse ziwiri, chinyezi, nkumasunganso nambala yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri ya tsikulo, chimenechi nde ndakakondera. Miyezi itatu tsopano mabatire sindinasinthe. Mabatani okha ndi ang'onoang'ono zedi, ukangokhudza molakwika kapita ku Fahrenheit, muyezo wina wa kutentha wa manambala okwera, ukungoona 90 mtima phaa.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi. Sensa ndinaipachika pakhoma pomwe dzuwa limamenya masana onse, inawerenga 48, ine changu kujambula kutumiza pa WhatsApp kuti alamu mwaona? Iwo anangoti kaikeni pamthunzi. Ndipo sananame, a zanyengo amayezera m'kabokosi koyera kolowa mphepo, kokwezeka pafupifupi mita ndi theka kuchoka pansi, osati padzuwa. Kapepala ka malangizo sikananene zimenezi olo pang'ono, apa opanga analakwitsa.

Kenako kunacha kozizira tsiku lina, alamu nawo mesejimo, kutentha kwanu kuja kuli kuti? Mpamene ndinaona kuti tonse tikungotola tsiku lotikomera. Akatswiri akamakamba za kusintha kwa nyengo amatenga avereji ya zaka 30, pamtunda ndi panyanja pomwe, nde miyezi itatu ya pakhonde langa ndi chani apa. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linati 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse chiyambire kulemba, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa mmene zinalili zaka za 1850 mpaka 1900, pomwe pangano la zanyengo lomwe mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 linkafuna tiyesetse kusapitirira 1.5. Mpweya wa kaboni nawo, womwe umasunga kutentha, wachoka pa 280 ppm (magawo 280 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse) mafakitale asanachuluke kufika kupitirira 420.

Alamu anaseka, akuti 1.5 yomweyo? kachipangizo kanuka kamasintha madigiri 10 pakati pa mmawa ndi masana ndipo palibe wafa. Funso lawo ndi lanzeru ndithu sindikana. Ndinangowafunsa kuti thupi lawo likachoka pa 37 nkukhazikika pa 38.5 osatsika amapita kuntchito kapena kuchipatala. Pano avomera zoti kukutenthadi, chatsala nchoti akuti anthu tizolowera, ine ndikuti mbewu ndi madzi oundana akusungunukawo sizizolowera.

Ndikapatsa nyenyezi 4 pa 5. Gulani ngati mukufuna kudziwa chipinda chomwe chimatentha kwambiri kapena nthawi yotsegula mawindo. Alamu akabwereka sabata yatha, mpaka lero sanabweze.