Kayak ya anthu awiri ku Thyolo: bwato lilipo, nanga madzi ake ali kuti?

Papita chaka ndi miyezi ingapo chigulireni kayak ya anthu awiri, ndipo anthu amene ankandiseka poyamba ndi omwewo akundifunsa lero ngati ndi chinthu choti munthu wa kuno angatayirepo ndalama. Bwatolo palokha ndilibe nalo mlandu. Zimene zingakugwiritseni fuwa la moto ndi ziwiri zomwe wogulitsa sazitchula: kulemera kwake, ndi malo oti muzikalipalasa.

Langali ndi la pulasitiki yolimba ya polyethylene, louumbidwa lonse nthawi imodzi popanda msoko, la mtundu wa sit-on-top. Simulowa m'kati ngati m'bwato la mtengo la asodzi. Mkati mwake ndi mphako yotsekeka ya mpweya, inu mumakhala pamwamba. Kutalika kwake ndi mamita 3.9, m'lifupi masentimita 86, kulemera makilogalamu 33, ndipo kachikwangwani ka kumbuyo kamati lisanyamule katundu woposa makilogalamu 220. Lili ndi mipando iwiri ndi kamalo kena pakati, ndiye pamene amakhala mwana wathu wa Sitandade 2. Ndinaligula kwa banja lina la ku Blantyre lomwe linkasamukira kunja, pamodzi ndi nkhafi ziwiri.

Kwa munthu woti azikwera ndi mwana, mtundu umenewu ndimauvomereza popanda kukayika. Likagubuduka silidzaza madzi. Mumalitembenuza n'kukweranso. Madzi ogwera pamwamba amatuluka okha pa mabowo amene amaboola bwato kuchoka pa mpando mpaka pansi. Kayak yolowa m'kati imathamanga bwino ndipo simunyowa, koma ikatembenuka pakati pa damu mumatsala ndi ntchito yokapa madzi uku mwana akulira. Yopopa mpweya ndinaibwerekako kwa mnzanga. Ndi yopepuka, imalowa m'buti, koma mphepo imaiseweretsa, zitsa za bango zimaidetsa nkhawa, ndipo imafuna kuumitsidwa bwino musanaipinde. Amene amadziwa chiperoni cha kuno, masiku atatu dzuwa osaoneka, akudziwa kuti chinthu chopindidwa chonyowa chimachita nkhungu.

Nambala ya 220 ija musaitenge ngati malire oti mufikepo. Ife atatu ndi kachikwama ka zakudya timakwana makilogalamu pafupifupi 170, ndipo bwato limayenda mopepuka. Tsiku lina m'malo mwa mayi a kunyumba munakhala mlamu wanga, munthu wathupi ndithu, madzi anayamba kukwera m'mabowo muja mpaka tinakhala m'chithaphwi. Silinamire, koma linkayenda molemera ndiponso mopendekeka. Werengetsani thupi la banja lanu, musiyepo danga lalikulu.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Munthu ukaima pa msewu wa Mulanje n'kuona mitsinje ikutsika m'phiri, umaganiza kuti madzi tili nawo ochuluka. Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo, yonseyi imachokera m'phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Mtsinje wotsika malo otere ndi wa miyala ndi liwiro. M'chilimwe madzi amachepa mpaka bwato limangokhula pansi. M'dzinja mvula ikagwa kumtunda, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi inu muli kumunsi komwe kuli dzuwa. Aliyense wa kuno amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa mphamvu ya madzi ochoka m'phiri limenelo. Kayak yotakata ngati iyi sinapangidwire madzi othamanga, siikhota msanga, ndipo pa mwala imangopingasa. Dziwe la Nkhalamba, la pa mathithi a Likhubula m'phirimo, ndi losambira, ndi laling'ono kwa bwato la mamita pafupifupi anayi, komanso sindikuona munthu wanzeru akukwera njira ija atasenza makilogalamu 33. Ruo kumunsi ali ndi mathithi a Zoa, ndipo mukamayandikira ku Chiromo komwe amathira mu Shire mwalowa m'dera la ng'ona ndi mvuu. Pa bwato limene m'mphepete mwake muli chikhatho chimodzi kuchoka pa madzi, Shire musamuganizire n'komwe. Chilwa ndi yosaya, yamatope, ndipo imabwerera kutali m'zaka za chilala, monga mmene inaphwerera mu 1995.

Zotsala ndi madamu a m'maesiteti a tiyi, ndipo kunena zoona bwato langali moyo wake uli pamenepo. Madamuwa ali ndi eni ake. Madzi ake ndi othirira ndi oyendetsera ntchito za esiteti, si malo oti aliyense angofikapo ndi galimoto. Ine ndinapita ku ofesi ya esiteti ina pafupi ndi kwathu, ndinalemba kalata, ndipo anandilola ndi malamulo omveka: aliyense avale jekete yoyandamitsa, tisayandikire pamene pali mapampu kapena potayira madzi, tisawedze, tichoke dzuwa lisanalowe. Esiteti ina inakana, ndipo sindinaione ngati nkhanza, chifukwa munthu akamira pa damu lawo mlandu ndi wawo. Mlonda wa pa damu lathuli tinazolowerana. Ulendo woyamba anaima n'kuyang'ana bwato nthawi yaitali, kenako anati, "Bwana, ndiye mukangozungulira n'kubwerako? Osagwira ngakhale kansomba kamodzi?" Pano ndi iye amatiuza mbali imene madzi atsika ndi kumene kwatulukira zitsa za bulugamu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.

Ndiye malangizo anga ndi akuti chilolezo chiyambe, bwato libwere pambuyo. Ngati mulibe madzi odekha amene mungafikeko pa mphindi makumi atatu kuchoka pakhomo, bwatolo lidzagona pakhonde kudikira tchuthi cha Disembala.

Kupalasa awiri kuli ndi mwambo wake, ndipo masabata oyamba kumayesa banja. Wolemera amakhala kumbuyo. Wakutsogolo ndiye mwini liwiro, amangopalasa mosasinthasintha osacheuka. Wakumbuyo amatsatira nkhafi ya mnzake, kumanja pamodzi, kumanzere pamodzi, ndipo chiwongolero ndi chake. Mukasiyana kayendedwe nkhafi zimagundana m'mwamba, madzi amathira mwana, bwato limayamba kuyenda mokhotakhota. Chovuta n'chakuti wakutsogolo saona zimene wakumbuyo akuchita, ndiye bwato likakhota aliyense amaganiza kuti wolakwa ndi mnzake. Mayi a kunyumba ankangoti, "Inu bambo, mukupalasa kapena mukuonera mbalame kumbuyoko?" Chimene chinathandiza ndi kugwirizana kuti wakutsogolo asamayese kuwongola. Bwato likapatuka, wakumbuyo amakoka nkhafi motambalala mbali imodzi, kapena amaimika nkhafi m'madzi kumbuyo kwa chiuno ngati chiwongolero. Patatha mwezi umodzi kapena iwiri tinasiya kulankhulana za nkhafi.

Mwana pakati amasintha zonse. Akangoviika dzanja m'madzi, bwato limakhotera komweko. Akaona kambalame kakumira n'kusuzumira mbali imodzi, nonse mumamva kupendekeka. Komabe kutakata kwa bwatoli kumakhululuka zambiri, sitinagubudukepo mwangozi. Tinaligubuduza dala pamalo pofika m'chiuno kuti mwana adziwe mmene zimakhalira ndi kuti aphunzire kugwira chingwe cha m'mbali. Anati, "Adadi, tibwereze," ndipo tinabwereza mpaka milomo inayamba kunjenjemera, poti madzi a madamu a kuno mu Juni ndi ozizira. Kupalasa kwenikweni mwana amapirira theka la ola basi. Kupitirira apo amafuna chigumu kapena kutsika.

Jekete ya mwana ikhale ya msinkhu wake, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Muyeseni pomukweza mutagwira jekete pamapewa: ikakwera mpaka m'makutu, ndi yaikulu, ndipo m'madzi idzamuvuka. Yathu anatibweretsera mlamu kuchokera ku Johannesburg. Zinthu zotere zimatsatira mtengo wa ndalama zakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo umene mwamva lero sukhalitsa, n'chifukwa chake sindikutchula ndalama pano.

Nkhafi zimene ndinalandira ndi za aluminiyamu, masentimita 230. Zimagwira ntchito, koma ndi zolemera ndipo padzuwa zimawotcha m'manja. Pa bwato lotakata chonchi nkhafi yaifupi imakupangitsani kugunda zala m'mbali mwa bwato, ndiye musatsike pansi pa 230.

Kulemera kuja tsopano. Makilogalamu 33 papepala ndi ochepa, thumba la simenti ndi 50. Koma thumba la simenti silitalika mamita anayi ndipo siligwira mphepo. Kulikweza pa kaliyala ya galimoto kumafuna anthu awiri aakulu, ndipo tsiku limene mmodzi watopa kapena wadwala msana, ulendo wafa. Izi zalepheretsa maulendo ambiri kuposa mvula. Pa galimoto ndimaligoneka chafufumimba, ndimamanga malamba awiri pakati, kenako chingwe kutsogolo ndi kumbuyo, ndi kansalu kofiira kumchira. Pa rodibuloko apolisi amafunsa, koma kawirikawiri ndi chidwi chabe. Kuchoka pa galimoto kufika pamadzi ndimagwiritsa ntchito kangolo komwe anandiwotcherera mmisiri wina ku Luchenza, ka mateyala awiri a njinga ya mwana ndi zidutswa za paipi ya madzi zokutidwa ndi mphira. Pa ndalama zonse zimene ndawonongera bwatoli, kangoloka ndi komwe sindidandaula nako ngakhale pang'ono.

Dzuwa ndi kutentha ndiwo adani a pulasitiki imeneyi. Mtundu wake wachikasu wafwifwa kale mbali imene imaona kunja. Paulendo wa kunyanja, kutentha kwa Mangochi kunaifewetsa mpaka pamene panadutsa chitsulo cha kaliyala panalowa m'kati, dzenje loti mungaikemo mbale. Tinathirapo madzi otentha n'kulisiya padzuwa chogadama, ndipo mawa lake linali litabwerera pafupifupi lonse. Malamba okokera ndi chitsulo aja a pa malole musawagwiritse ntchito, amafinya mopitirira. Kunyumba ndimalisunga mumthunzi, chogona cham'mbali pa matayala akale. Mavu amakonda kumanga m'mabowo a madzi, ndiye musanalinyamule suzumirani.

Kumchira pansi, pamene pamakhula bwato likamakokedwa pamchenga, panapyapyala mpaka panayamba kulowa madzi pang'onopang'ono. Guluu sagwira pa polyethylene, mungathire wamtundu uliwonse amangosupuka. Mmisiri wowotcherera mabampala a galimoto ku Limbe anadula kachidutswa ka chigubu cha malita 20, atayamba wayang'ana pansi pake kuti aone nambala 2 m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu, nambala yosonyeza kuti nachonso ndi cha polyethylene, poti pulasitiki iyenera kukhala ya banja limodzi. Anapala pamalopo ndi mpeni, anatenthetsa mbali zonse ziwiri mpaka zinayamba kunyezimira, n'kumakanikiza kachidutswako ndi supuni yotentha kuchokera pakati kupita m'mbali. Chigambacho ndi chabuluu pa bwato lachikasu, sichikongola, koma sichinadonthepo. Kumchira komweko kuli kachitsekero kotulutsira madzi. Paulendo wautali kamasuleni pang'ono, chifukwa mpweya wa m'kati umafufuma ndi kutentha komanso pokwera kuchoka kunyanja kubwera kumtunda kuno. Musanalowe m'madzi mangani.

Za likodzo sindingazidumphe. Pa bwato lokhala pamwamba mumanyowa nthawi zonse, ndipo madzi odekha a bango ndi udzu ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa matendawa. Tizilombo take timalowa pakhungu, sikuti mpaka mumwe madziwo. Ife timakwerera pamalo opanda udzu, timadzipukuta tikangotuluka, ndipo timakayezetsa ku chipatala nthawi ndi nthawi. Mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zokhwima, ndiye kumwa tsiku lomwelo mwachoka kumadzi sikuthandiza. Pamafunika papite masabata angapo, ndipo achipatala ndi amene angakuuzeni nthawi ndi mlingo, makamaka wa mwana.

Kunyanja tinapita nalo, ku Cape Maclear, ulendo wa makilomita oposa 250 kudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Ndi m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kupalasa m'mbali mwa miyala uku nsomba za mbuna zikuoneka pansi pa bwato ndi chinthu chimene damu la tiyi silingakupatseni. Koma nyanja imaonetsa pamene bwatoli limalephera. Ndi lalifupi ndi lotakata, liwiro lake ndi la munthu woyenda pansi, ndipo mphepo ikawomba m'mbali mphuno yake imangopatuka. Mwera, umene umalimba kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, pa gombe la Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, umachokera kumtunda. Pafupi ndi gombe madzi amaoneka bata, koma mukatalikira mphepoyo imakukankhirani kunja, ndipo pobwerera mumalimbana nayo maso ndi maso. Chilumba cha Thumbi chimaoneka pafupi mukaima pamchenga. Ndi mwana m'bwato ife sitinawoloke, tinkatsata gombe m'mamawa n'kutuluka mphepo isanadzuke, titafunsa kaye asodzi. Komanso kumeneko malo ogona angapo amabwereketsa makayak, ndipo mukawerengetsa mafuta owonjezera amene galimoto imamwa itasenza bwato pamwamba, kubwereka kumatuluka kotchipa. Chaka chino tikapitanso, lathu litsala kunyumba.

Ngati mwapeza logwiritsidwa kale ntchito, musatengeke ndi mtundu wowala. Litembenuzeni muone kumchira ngati kwapyapyala. Kanikizani pansi pake ndi chikhatho: pulasitiki yabwino imabwerera, yopsa ndi dzuwa imakhala youma ndipo imasiya ufa m'manja. Yang'anani m'kati mwa mabowo a madzi ndi tochi, chifukwa ming'alu ya mmenemo ndi yovuta kuwotcherera ndipo ndi imene imamiza bwato mwakachetechete. Kenako pemphani mwini wake kuti inu ndi amene muzidzapalasa naye mulikweze pa galimoto yanu nokha, iye atangoima poteropo.