Alamu ya sensa ya magawo awiri pa galimoto ya denga la nsalu: zimene ndaona pakutha pa chaka

Loko wa pachitseko cha galimoto ya denga la nsalu amateteza chitsekocho basi, chifukwa munthu amene ali ndi kampeni m'thumba akhoza kulowetsa dzanja kuchokera pamwamba osakhudza n'komwe chogwirira chitseko. Ndinazindikira zimenezi m'mawa wina nditapeza denga la galimoto yanga litachekedwa pamwamba pa mpando wa wokwera, mzere wowongoka wautali ngati mkono, mvula ya usiku itadzaza pansi pa mpandowo mpaka kapeti ikumveka kuti tchapu ndikaiponda. Chimene mbavayo inatenga chinali chingwe chotchajira foni ndi magalasi a dzuwa okalikakalika, zinthu zimene ndikanaipatsa mosanyinyirika ikanandipempha, koma ineyo ndinatsala ndi ntchito yosintha denga lonse, popeza chigamba pa nsalu yotere chimayamba kudontha chikangopirira dzuwa ndi mvula kwa miyezi yowerengeka.

Galimotoyo ndi Mazda MX-5 yakale, mtundu wa mipando iwiri umene unayamba kupangidwa mu 1989. Mwini wake woyamba anaiikira alamu ya sensa ziwiri zazing'ono zimene zimakhala m'mbali mwa galasi lakutsogolo ndipo zimatulutsa mafunde a phokoso losamveka m'khutu la munthu, pafupifupi 40 kHz, n'kumamvetsera ngati china chasuntha m'kati. Sensa za mtundu umenewu zimagwira bwino m'galimoto yotsekeka ndi chitsulo ndi magalasi, momwe mpweya umakhala bata. Pansi pa denga la nsalu mpweya sukhala bata. Mphepo ikawomba nsalu imapuma ngati chifuwa, ndipo alamu imalira pakati pa usiku popanda aliyense pafupi, motero ndinali nditaizimitsa kalekale pofuna kukhala mwamtendere ndi anansi. Usiku umene denga linachekedwa alamuyo inali chete chifukwa cha ine mwini.

Chimene ndinagula pambuyo pake, ndiponso chimene ndikufotokoza pano, ndi alamu ya sensa ya mafunde a microwave ya magawo awiri, yokhala ndi sayirini ya batire lakelake, sensa yomva kupendekeka kwa galimoto, ndi immobiliser yodula magetsi opita ku sitata ndi ku pampu ya mafuta. Sensa yaikuluyo ndi kabokosi kochepa ngati bokosi la machesi. Amakabisa pakati pa mipando, pansi pa pulasitiki, ndipo mafunde ake amadutsa nsalu, galasi ndi pulasitiki koma chitsulo chimawatchinga. Imagwira ntchito ngati rada: imamva chinthu cholemera chikamasuntha, monga thupi la munthu, ndipo mpweya wongoyenda siilabadira. Gawo lakunja limatulukira pang'ono kunja kwa galimoto, ndipo munthu akawerama pafupi ndi denga alamu imalira kamodzi kapena kawiri mwachidule pomuchenjeza. Gawo lam'kati ndi la mipando yokha, ndipo dzanja likalowa mmenemo sayirini imalira mwamphamvu kwa masekondi 30 magetsi okhotera akuthwanima.

Ubwino waukulu wa chipangizochi uli pa kulira kwachidule kwa gawo lakunjako, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amene amagula alamu sauganizira. Alamu wamba imalira chitseko chikatsegulidwa kapena galasi likasweka, kutanthauza kuti pa galimoto ya denga la nsalu imalira choipa chitachitika kale. Kucheka nsalu sikugwedeza galimoto, sikupanga phokoso, ndipo kumatenga kanthawi kochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Chimene mwini galimoto akufuna n'chakuti munthuyo adzidzimuke mpeni usanatuluke m'thumba. Ndinaziona ndi maso tsiku lina nditaimika galimoto denga lili lotsegula, ine nditakhala chapatali: mnyamata wina anaima, anayang'ana uku ndi uku, anawerama kusuzumira pa giya, alamu inati tswii kamodzi, iye anawongoka ngati waitanidwa dzina ndipo anapitiriza ulendo manja ali m'thumba. Mwina sanali wakuba n'komwe, mwina ankangosirira, koma kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kudandaula za ndalama zimene ndinalipira.

Komabe miyezi iwiri yoyamba inali yotopetsa, ndipo vuto linali pa katchunidwe. Sensayi ili ndi tizitsulo tiwiri topotokola ndi sikuludiraiva yaing'ono, kena ka gawo lakunja, kena ka gawo lam'kati, ndipo amakaniko amene anandiikira anangotchuna mwachangu galimoto ili m'galaja yawo, pakati pa makoma ndi magalimoto ena. Nditafika nayo panja gawo lakunja linali lalikulu moti aliyense wodutsa m'mbali mwa msewu, ngakhale mayi wokankha mwana pa kangolo, ankalandiridwa ndi kulira. Lole yaikulu ikadutsa pafupi inkaliranso, chifukwa chitsulo chachikulu choyenda chimabweza mafunde ambiri kuposa munthu. Mvula yamphamvu nayo inali mdani, popeza madzi oyenderera pa denga sensa imawaona ngati chinthu chosuntha. Alamu yolira nthawi zonse imaphunzitsa anthu oyandikana nayo kuinyalanyaza, ndipo pamapeto pake mwini wake amaizimitsa, monga ndinachitira ndi yoyamba ija.

Ndinabwerera kwa amakanikowo kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinawapempha kuti titulutse galimoto pabwalo, titseke denga, ine ndiziyenda mozungulira iwo akupotokola. Tinachepetsa gawo lakunja mpaka linafika poti limangomva munthu amene waima pafupi kwambiri, moti akhoza kukhudza denga osatambasula mkono wonse. Tinapezanso kuti tindalama tachitsulo ndi makiyi akale amene ndinkasunga m'kabokosi ka pakati pa mipando ankatchinga mafunde mbali imodzi, n'chifukwa chake mbali ya dalaivala inkamva mochedwa. Titatichotsa zonse zinalongosoka. Kabuku ka malangizo kamene kanabwera m'bokosi kanangotchula katchunidweka m'mizere iwiri, ndipo pamenepa opanga analakwitsa, chifukwa ubwino wonse wa chipangizochi wagona pa tizitsulo tiwiri timeneti. Amene akufuna kugula afunse kaye ngati mtengo woikira ukuphatikizapo kubwereranso kudzatchunitsa, ndipo asachoke pamalopo asanayese yekha denga lili lotseka ndiponso lili lotsegula, popeza magawowo amasintha pang'ono mafelemu achitsulo a denga akapindidwa kumbuyo.

Sayirini ya batire lakelake ndaiyesa mwangozi. Ndinaiwala kuizimitsa ndi kakiyi kake pochotsa batire la galimoto, ndipo inalira mpaka makutu anagontha, chimene chikusonyeza kuti wakuba wodula waya wa batire sangaitontholetse. Sensa ya kupendekeka sinalirepo pachabe, ndipo nditaika jeke pofuna kusintha tayala alamu ili yotchera inalira tayala lisanachoke pansi. Za immobiliser ndilibe zambiri zonena kupatula kuti injini silira popanda rimoti. Chipangizo chimenechi chinakhala chalamulo pa magalimoto atsopano m'mayiko a European Union mu 1998, ku Australia mu 2001 ndi ku Canada mu 2007, choncho amene ali ndi galimoto yatsopanopo mwina anaigula ili nacho kale ndipo safunikira kulipira chachiwiri. Amene ali ndi yakale ngati yanga asachinyalanyaze, chifukwa pa galimoto yopanda chipangizochi munthu akangolowa, chotsala ndi mawaya a pansi pa chiwongolero.

Pali vuto limodzi limene silinathe, ndilo kudya batire. Sensa ya microwave imakhala maso usana ndi usiku, ndipo galimoto za mtundu umenewu kawirikawiri zimakhala ndi batire laling'ono komanso zimatha milungu zili chiimire nyengo ya mvula kapena yozizira. Nditaisiya milungu itatu osaliza ndinapeza sitata ikungoti kete kete. Tsopano ndikadziwa kuti sindiyenda nayo kwa nthawi ndimailumikiza ku tchaja yaing'ono yosunga batire, koma zimenezi zimatheka pokhapokha pali soketi pafupi, ndipo amene amaimika mumsewu, amenenso ndi wofunikira alamuyi kuposa aliyense, alibe mwayi umenewo. Rimoti yake nayo ndi ya pulasitiki yopepuka ndipo batani lozimitsira gawo lakunja lokha, limene limafunika poimika pamalo odzaza anthu, liyenera kudinidwa kawiri motsatizana mwanjira imene ndimaiiwala nthawi zambiri.

Eni magalimoto a denga la nsalu akhala akutsutsana kwa zaka zambiri ngati n'kwanzeru kusiya zitseko zosakhoma kuti wakuba angotsegula, aone kuti mulibe kanthu, achoke denga lili bwinobwino. Maganizowo ndimawamvetsa, pakuti denga ndi lodula kuposa chilichonse chimene ndingasiye m'kati. Ine ndimakhoma, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, makampani ambiri a inshuwalansi amakana kulipira galimoto ikabedwa ili yosakhoma, ndipo ndi bwino kuwerenga pangano lanu musanatsate nzeru imeneyi. Chachiwiri, amene anacheka denga langa sindikhulupirira kuti anayesa chitseko n'komwe, chifukwa anacheka pamalo enieni pamene chingwe chija chinkaonekera pa galasi. Chimene chinamukopa chinali chinthu chooneka. Kuyambira pamenepo sindisiya chilichonse pa mpando, ngakhale jekete yakale, ndipo kabokosi ka pa dashibodi ndimakasiya kotsegula kuti wosuzumira aone yekha kuti mulibe kanthu. Zofunika zonse zimapita m'buti ndisanafike pamalo oimikapo, osati nditafika anthu akuona. Pamagalimoto ambiri otere chotsegulira buti chili m'kati, ndiye ngati chili ndi loko wake chikhomeni, apo ayi buti ndi yotseguka kwa aliyense wolowera padenga.

Alamuyi siletsa munthu wa nkhanza chabe, amene amadutsa ndi kiyi n'kukala penti kapena kubaya nsalu akuyenda osaima, chifukwa pamene ikulira iye wapita kale. Pa anthu otere chimene chandithandiza ndi chophimba galimoto chomangidwa ndi chingwe chachitsulo pansi, popeza galimoto yophimbidwa sidziwika kuti denga lake ndi la nsalu, ngakhale kuti chophimba chokupizidwa ndi mphepo chimavutitsa gawo lakunja ndipo ndimalizimitsa ndikaphimba. Ndimaikanso loko wachitsulo pa chiwongolero, wa mtundu wophimba chiwongolero chonse, chifukwa ndodo wamba yokhomera chiwongolero akuba amaichotsa pocheka chiwongolerocho. Pogula zinthu zimenezi zizindikiro za mabungwe oyesa zimathandiza: la Thatcham Research la ku Britain limaika alamu yokhala ndi immobiliser m'gulu la Category 1, ndipo la Sold Secure limayesa maloko n'kuwapatsa magiredi monga Bronze, Silver ndi Gold. Amene ali ndi galimoto yotsegula popanda kulowetsa kiyi adziwenso kuti akuba amatha kukoka mafunde ochokera ku kiyi ili m'nyumba n'kuwafikitsa ku galimoto, ndipo kathumba kotchinga mafunde kosungiramo kiyi ndi kotchipa kuposa zonse zimene ndatchulazi.

Kwa munthu amene galimoto yake imagona m'galaja yokhoma ndipo masana amaiimika pamalo olondera, alamu imeneyi ndi yoposa zosowa zake, ndipo kudya batire kudzamutopetsa asanaone phindu. Kwa amene amaimika panja, kapena amakonda kusiya denga lotsegula akalowa penapake kwa mphindi zochepa, ndikuivomereza, pokhapokha akhale wokonzeka kutaya masana amodzi pabwalo ndi amakaniko oleza mtima. Denga latsopano latha chaka tsopano popanda chibowo. Sabata yatha alamu inalira kamodzi m'bandakucha, ndinasuzumira pawindo, ndipo ndinapeza mphaka wa anansi atadzipinda pakati penipeni pa nsalu, pamalo pamene pamatsala kufunda kwa dzuwa la dzulo, choncho Loweruka ndikachepetsanso gawo lakunja pang'ono.