FRED: nkhokwe yaulere yowonera zomwe Federal Reserve ikuchita ndi chiwongoladzanja

Banki yaikulu ya America, Federal Reserve, ikakweza chiwongoladzanja, dola imalimba, ngongole za mayiko ambiri zimalemera, ndipo misika ya masheya imagwedezeka. Wofuna kuona zimenezi ndi maso ake ayambire pa FRED, nkhokwe ya pa intaneti ya manambala a zachuma yomwe nthambi ya bankiyi ya ku St. Louis yakhala ikuyendetsa kuyambira 1991. Ndi yaulere. Ngakhale kulembetsa sikofunika, pokhapokha ngati mukufuna kusunga magirafu anu.

Mndandanda uliwonse wa manambala uli ndi kodi yake, ndipo mukaloweza makodi ochepa ntchito imaphweka. FEDFUNDS ndi chiwongoladzanja chomwe mabanki amabwerekana usiku umodzi, chowerengedwa pamwezi. DFF ndi chomwecho koma cha tsiku ndi tsiku. WALCL imaonetsa katundu yense yemwe Federal Reserve ili naye, sabata ndi sabata. Chenjerani, manambala ake ali m'mamiliyoni a madola, choncho 4,200,000 ndiye kuti madola 4.2 thiriliyoni. Apa ndi pomwe zinali kumayambiriro kwa 2020, ndipo pofika 2022 zinali zitayandikira 9 thiriliyoni chifukwa cha mabondi (zikalata za ngongole) omwe bankiyi inkagula nthawi ya Covid-19.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa kukwera mitengo kwa zinthu. Mukalemba CPIAUCSL mudzaona mzere wongokwera, wapitirira 300. Imeneyo si peresenti ayi, ndi mlingo woyerekeza ndi mitengo ya zaka za 1982 mpaka 1984, yomwe inapatsidwa 100. Dinani Edit Graph, pitani pa Units, musankhe Percent Change from Year Ago. Pomwepo phiri la June 2022, pamene kukwera mitengo kunafika pachimake, liwonekera. Nambala yake isiyana pang'ono ndi 9.1 peresenti yomwe inalengezedwa, chifukwa CPIAUCSL inakonzedwa pochotsa kusintha kwa nyengo za pachaka. Yosakonzedwa ndi CPIAUCNS.

Mukafika apo, dinani Add Line muwonjezere FEDFUNDS pa girafu yomweyo. Mizere iwiriyi ikakhala pamodzi nkhani imadzifotokoza yokha: mitengo inayamba kuthamanga mu 2021, koma chiwongoladzanja chinagona pafupi ndi ziro mpaka March 2022. Kenako chinakwera mwamphamvu kufika pakati pa 5.25 ndi 5.50 peresenti mu July 2023, n'kuyamba kutsika mu September 2024. Kuchedwa kukweza chiwongoladzanjaku ndi komwe akatswiri akukanganabe, ndipo n'zosangalatsa kuti munthu wamba akhoza kukuona m'mphindi zisanu.

Pa nkhani ya zoopsa, kodi yotchuka ndi T10Y2Y, kusiyana kwa chiwongoladzanja cha mabondi a boma a zaka 10 ndi a zaka 2. Ikatsika pansi pa ziro, ndiye kuti msika ukuyembekeza kuti chiwongoladzanja chidzatsika mtsogolo, kawirikawiri chifukwa choopa kuti chuma chifooka. Mizere yotuwa yoimirira pa girafu imasonyeza nthawi zomwe chuma cha America chinalowa pansi, ndipo mudzaona kuti isanafike ya 2001 ndi ya 2008, T10Y2Y inali itayamba yatsika. Koma musachitenge ngati ulosi. Inakhala pansi pa ziro kuyambira July 2022 kwa zaka ziwiri, chuma osagwa. Mizere yotuwayo nayonso imabwera mochedwa, poti bungwe la NBER lomwe limagamula masiku ake limadikira umboni: kugwa komwe kunayamba mu December 2007 linakulengeza mu December 2008.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu n'chakuti FRED ndi ya America kwenikweni. Muli chiwongoladzanja cha European Central Bank, pa ECBDFR, ndi mtengo wa mafuta a Brent, pa DCOILBRENTEU, koma za mayiko osauka zambiri ndi zapachaka, zochokera ku World Bank, ndipo zimafika zitakalamba. Si malo ochitira malonda: mitengo siyenda pompopompo, ndipo S&P 500, mlingo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, imangobwerera m'mbuyo zaka 10 chifukwa cha mgwirizano ndi eni manambalawo. Bokosi lofufuzira nalo limatopetsa. Mukalemba liwu limodzi limakupatsani mindandanda yambirimbiri yofanana mayina, ina yoti inasiya kusinthidwa kalekale. Musanagwiritse ntchito uliwonse, yang'anani tsiku lomwe unasinthidwa komaliza, ndiponso ngati ndi wa patsiku, pamwezi kapena pachaka. Zonse zili m'Chingerezi, ndipo FRED sikuuzani tanthauzo la zomwe mukuona, kumasulira n'kwanu.

Chinthu chimodzi chomwe chimaiwalika ndi mnzake wa FRED wotchedwa ALFRED. Manambala a ntchito ndi a kukula kwa chuma amakonzedwanso pakapita miyezi, nthawi zina kwambiri. ALFRED imasunga mmene nambala inalili tsiku lomwe inatuluka, choncho mukafuna kuweruza ngati akuluakulu a Federal Reserve anaganiza bwino pa msonkhano wina wake, onani zomwe anali nazo patebulo tsikulo, osati zokonzedwa pambuyo pake. Zonsezi mukhoza kuzitsitsa ngati fayilo ya CSV kapena Excel podina Download, koma kukonza girafu ya mizere iwiri kapena itatu kumafuna kompyuta, pafoni mabatani amapanikizana.